Dzungu Limene Thisari Adasenza

1. Mbandakucha kumunda

Thisari adatsika pachilindo dzuwa lisadatuluke, maso ali olemera ndi tulo. Iye ndi malume ake, a Jayasena, adachezera kuomba zitini ndi kuponya makombola kuti njovu zisalowe m'munda wa mpunga. Sizidalowe, koma zidamveka zikuthyola mitengo kuseri kwa damu mpaka tambala kulira.

Mtsikanayu adali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Ntchito yolondera idali ya bambo ake, a Wijepala, kufikira tsiku lomwe njovu yamphongo yong'ambika khutu idawapeza panjira akubwerera kumudzi. Anthu a m'mudzi wawo wa Katuwewa adawatola m'ngalande, njinga yawo itapindika ngati waya.

Kuyambira pamenepo amayi ake ankangogona choyang'ana kukhoma. Thisari ndiye ankaphika, kusambitsa mlongo wake wamng'ono Sahan, kulondera usiku, kenako n'kukawodzera m'kalasi. Aphunzitsi a masamu adaleka n'kumudzutsa komwe.

Tsikulo lidali la mwambo wa miyezi itatu chimwalirire bambo ake, pamene abale amakapereka chakudya kwa amonke a chipembedzo cha Buddha kukachisi pokumbukira womwalira. Thisari adapinda mkeka wake kuti athamangire kunyumba, koma malume ake adamukodola.

"Tayandikira kuno, mphwanga."

Adafukula mulu wa mapesi a mpunga n'kutulutsa dzungu lalikulu, lakupsa bwino. Cha kuphesi lidali ndi kamzere kozungulira, komatidwa ndi phula.

"Uligwire ngati dzira. Lisagwe, usalikhalire. M'katimo muli wonga. Likangotafunidwa, nsagwada zatha."

Thisari adabwerera m'mbuyo. "Malume, zimenezi amamanga nazo anthu."

"Amamanga amuna. Ine anandimangapo kale, ndipo aboma a zanyama zakuthengo akandiona ndi thumba amandisecha mpaka m'makutu. Koma mwana wamkazi wosenza dzungu, ndani angamufunse? Mukamaliza zakukachisi, udutse njira ya kudamu. Ukalisiye pamene mpanda wamagetsi unaduka paja. Chilombo chija chimadutsa pomwepo."

"Nanga likadyedwa ndi ina?"

"Iwe, njovu ndi njovu! Kodi iyo inafunsa dzina la bambo ako isanawaponde? Amonke akuuzani lero kuti mukhululuke, inu n'kumati inde, inde. Iwo amagona m'nyumba ya njerwa, mpunga umawapeza m'mbale. Ife tikhala pamtengo ngati anyani mpaka liti? Tadziyang'ana. Ndiwe mwana koma nkhope ngati ya agogo ako. Ikafa imene ija ugona, amayi ako nawo adzuka."

Mawu akuti ugona ndiwo adamulowa. Adatsegula thumba, malume ake n'kulowetsamo dzungu lija pang'onopang'ono.

2. Mpeni wa azakhali

Chakudya chinkaphikidwa kukhitchini ya kukachisi, poti kunyumba kudalibe woyang'anira miphika. Azakhali ake, a Somawathie, ndiwo ankalamula: uyu apale kokonati, uyo asinje tsabola, wina atsuke masamba a nthochi.

"Amayi ako abwera?" adafunsa Thisari atangolowa.

"Ayi, azakhali. Akuti mutu."

"Mutu, mutu. Ife tilibe mitu? Amene anafayo ndi mlongo wanga, koma ndili pano ndi utsi m'maso. Basi, mvula ikakuona litsiro sikata. Tenga ndowa ukatunge madzi."

Thisari adabisa thumba lija kuseri kwa mulu wa nkhuni n'kupita kuchitsime. Kumeneko kudali mzere. Adatsamira khoma podikira, ndipo tulo tidamuba ali chiimire.

Pobwerera adapeza Sahan ali pakhomo pa khitchini, akumwetulira monyada.

"Achemwali, munaiwala dzungu kunkhuni. Ndawapatsa azakhali!"

Ndowa idagwa. Thisari adalowa chothamanga. Dzungu lidali pathabwa, dzanja limodzi la a Somawathie litalipanikiza, lina litakweza chimpeni chodulira kokonati. Amayi ena adali atakhala mozungulira, wina ali ndi khanda pamiyendo.

"Musadule! Azakhali, musadule!"

Adagwira mkono wawo ndi manja onse awiri. Mpeni udagwera pansi, anthu onse kakasi.

"Wapenga kodi? Ufuna kundithyola mkono chifukwa cha dzungu? Ngati n'logulitsa ukanangonena, mwana wopanda mwambo iwe!"

Thisari adakwatula dzungu lija pathabwa. Adalifungatira pachifuwa.

Pakhomo padamveka kugogoda kwa ndodo. Adali a Wimalasara, mkulu wa amonke a pakachisipo, amene aliyense ankangowatcha Aphunzitsi. Matenda a shuga adawadulitsa zala za phazi limodzi, ndipo ankayenda mokoka mwendo. Adayang'ana dzungu, nayang'ana kamzere ka phula kaja, kenako nkhope ya mtsikanayo.

"Limenelo si landiwo, amayi," adatero motsitsa mawu. "Mwana wanga, libweze m'thumba mosamala. Tikalitsekera m'chipinda chosungiramo zikwanje, kiyi akhala ndi ine."

Mwambo udachitika monga mwa nthawi zonse. Amonke adadya dzuwa lisadafike paliwombo. Abale adakhala pamikeka atavala zoyera, ndipo Thisari ndi Sahan adagwirizira kamtsuko, kutsanulira madzi m'kapu mpaka kusefukira, kuti zabwino za tsikulo zifikire bambo awo.

3. Njira ya kudamu

Anthu atabalalika, a Wimalasara adatsegula chipinda chija.

"Senza katundu wako. Ine ndikupita kudamu, a zanyama andiitana. Tiyendere limodzi, koma usandisiye, mwendowu ndi waulesi."

Dzuwa lidali likuswa mtengo. Amonke adatsogola ndi ambulera yawo yosuluka, Thisari m'mbuyo, thumba lili m'manja. Sadamufunse kuti adampatsa ndani. Adayenda mpaka pamtengo wa bwemba, pomwe mkuluyo adaima kuti apume.

"Zoona zinayi zimene Buddha anatisiyira unaziloweza kale. Unkakhoza mayeso a sukulu ya Lamlungu kukachisi kuposa anzako onse. Kuloweza n'kosavuta. Choyamba chimati chiyani?"

"Kuvutika kulipo," adayankha Thisari mouma.

"Kulipo ndithu, ndipo sindikunyengerera ngati mwana wolirira switi. Kudwala, kukalamba, kusiyana ndi amene umawakonda, kukhala ndi zimene sukuzifuna, zonsezi palibe anazizemba. Bambo ako apita ndipo sabweranso. Phazi langali likuwola ndikuliona. Chaka chino ndaimirira pamanda a anthu ophedwa ndi njovu mpaka mawu kusasa. Ndatopa, mwana wanga. Nawenso watopa. Ngakhale njovuzo zatopa, chifukwa thengo lomwe zinkadya tinalisandutsa minda."

"Ndiye tingokhala, Aphunzitsi? Mawu sathamangitsa njovu."

"Sathamangitsa, wanena zoona. Mpanda ndiwo umathamangitsa, ndipo ndapita kuboma kukadandaula za mpandawo mpaka alonda a pageti akundidziwa dzina. Ndipitanso. Koma chimene wanyamulacho si mpanda."

Adayambanso kuyenda, ndodo ikugogoda pamiyala.

"Mvetsera chachiwiri. Pali katundu amene moyo umatisenzetsa, ndiye pali wina amene timawonjezera tokha pamwamba pake. Wachiwiriyu amachokera ku ludzu. Mtima umati, ndikangopeza chakuti, ndipuma. Wina ludzu lake ndi mowa, wina ndi munda wa mnzake, wina amafuna kuti anthu azimutama. Lako ndi kuona njovu ija itagwa. Ludzu lotere lili ngati kumwa madzi amchere. Pakamwa pamanyowa kanthawi, kenako kukhosi kumayaka kuposa kale. Ikafa ija udzagona usiku umodzi, mwina uwiri. Ukadzadzuka, malo a bambo ako pamkeka adzakhalabe opanda munthu, ndipo kuseri kwa damu kudzalira ina. Pamenepo ludzu lidzakuuza kuti linanso dzungu. Ndawaona amuna a m'mudzi muno. Palibe amene anatchera kamodzi n'kuleka."

"Inu simunawaone bambo anga mmene analili."

"Ndinawaona. Ndine ndinawafunditsa nsalu iwe usanafike."

Thisari adaweramitsa mutu, nayang'ana thumba lija.

"Ndipo ludzu silisankha pothira moto," adapitiriza a Wimalasara. "M'mawa uja dzungulo linali pathabwa la azakhali ako, khanda lili pafupi. Sindikunena izi kuti ndikuchititse manyazi. Ndikufuna uone kuti chinthu ukachitulutsa m'manja mwako, sichifunsanso kwa iwe kolowera."

4. Kamwana m'madzi

Fungo ndilo lidayamba kuwapeza. Atakwera pamtumbira wa damu, adaona galimoto ya a zanyama itaima pamthunzi, ndi kagulu ka anthu ataphimba mphuno.

M'madzi ofika m'mimba mwake mudaima kanjovu kakang'ono, kotalika ngati ng'ombe. Kukamwa kwake kudali kophwanyika, nsagwada ikulendewera, ntchentche zili ng'waa. Kankatunga madzi ndi chitamba n'kupititsa kukamwa, koma madziwo ankangodutsa n'kubwerera m'damu. Kankayesanso, n'kuyesanso. Nthiti zidali zowerengeka.

Kutsidya, m'mphepete mwa thengo, kudaima njovu yaikazi. Siinkadya, siinkayenda. Makutu okha ndiwo ankagwedezeka.

Mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira adabwera n'kugwada pamaso pa amonke. Adali a Dilrukshi, dokotala wa nyama zakuthengo.

"Zikomo kuti mwabwera, Aphunzitsi. Palibe chimene ndingachite. Kakhala m'madzimu kuyambira sabata yatha, kuziziritsa bala. Ndakabaya jakisoni wopha ululu, koma sikafika mawa."

"Linali dzungu?"

"Chivwende. Wina anatchera yong'ambika khutu ija. Koma zazikulu n'zochenjera, zimanunkhiza wonga n'kudutsa. Amene amatola ndi ana."

A Wimalasara adavula nkhwaira, natsikira m'matope ndi phazi lawo lomangidwa bandeji. Adayandikira mmene akadathera n'kuyamba kuimba mawu a madalitso amene amaimbira munthu wodwala. Amuna ena amene amachezera kuponyera njovu makombola adavula zipewa n'kuika manja pamodzi. Kanjovu kaja kadatembenuzira diso kumene kunkachokera mawu, kenako kadapitiriza kutunga madzi osamweka aja.

Thisari adakhala pansi pamtumbira, thumba lili pamiyendo. Misozi idatsika yokha. Pamaliro a bambo ake sadalire, chifukwa padali alendo oti awaphikire tiyi.

Atamaliza, amonke adakwera movutikira n'kukhala chapatali pang'ono ndi iye, akupuma mwawefuwefu.

"Lira, palibe choipa. Chisoni si mdani wako. Chachitatu chimati ludzu limatha. Moto ukaleka kuusonkhezera umazima wokha, sufuna kuumenya ndi ndodo. Sindikuti udzaiwala bambo ako. Udzawakumbukira mpaka imvi, koma kukumbukirako kudzaleka kukukoka ndi chingwe ngati mbuzi. Munthu amene ludzu lamuthera amakhala ndi mtendere umene sudalira mvula, sudalira zokolola, sudalira kuti mdani wafa kapena ali moyo. Umenewo ndiwo mbala singaube, njovu singaupondereze. Ine sindinafikepo, usandione mkanjo. Koma ndalawako pang'ono, ndipo ndikudziwa kuti njira yofikira kumeneko, imene ndi choona chachinayi, siinama."

"Njirayo n'njotalika, Aphunzitsi," adatero Thisari akupukuta mphuno ndi mkono. "Ine ndikungofuna kugona."

"N'njotalika, ili ndi mbali zisanu ndi zitatu, ndipo wotopa ngati iwe sangazinyamule zonse lero. Tenga ziwiri zokha: dzanja lako lisaphe, pakamwa pako pasaname. Zinazo udzatola m'tsogolo. Za kugonazo, ndilankhula ndi akuluakulu a mudzi kuti azisinthana pachilindo cha bambo ako. Ndinayenera kutero kalekale. Mwana sangalondere munda n'kuphunzira."

Adaloza ndi ndodo kumanzere, komwe kanjira kankalowera kumpanda woduka uja, kenako kumanja, komwe kudali galimoto.

"Dzungulo ndikhoza kukulanda pompano. Koma maungu ndi ambiri m'mudzi muno, ine manja ndili nawo awiri. Ndikufuna miyendo yako isankhe yokha."

5. Thisari asankha

Mtsikanayo adadzuka, nasasa fumbi kusiketi yake yoyera, n'kuyamba kutsika mtumbira. Pamphambano adaima. Mphepo idabweretsanso fungo lija. Adakhotera kumanja.

A Dilrukshi ankasamba m'manja kuseri kwa galimoto.

"Amayi, ndili ndi chinthu choti ndikupatseni. Musachigwetse."

Dokotalayo adasuzumira m'thumba, nkhope yake n'kusintha. Adaitana mnzake wina, yemwe adalinyamula mosamala n'kukaliika m'bokosi la mchenga kutali ndi anthu.

"Walitola kuti?"

Bodza lidali pafupi, ndipo funsolo lidachita ngati kumutsegulira khomo.

"Sindinatole. Ndinalinyamula ndekha kuchokera kumunda. Ndimati ndikalitchere pampanda."

"Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa malemu a Wijepala."

A Dilrukshi adapumira m'mwamba, natsamira galimoto. M'maso mwawo mudali mofiira ngati mwa munthu amenenso sagona.

"Ndikuwakumbukira. Pepa, mwana iwe. Koma ichi sunapange ndiwe. Anakupatsa ndani?"

"Sindinama, amayi, koma sinditchula lero. Ndi munthu amene amatidyetsa. Ndiloleni ndiyambe ndalankhula naye ndekha."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kukukweza m'galimotomu pompano?"

"Ndikudziwa."

Mayiyo adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adayang'ana amonke amene adali chikhalire pamtumbira.

"Lero ndili ndi maliro anga m'madzimu. Mawa m'mawa ndifika kwanu ndi akuluakulu anga. Amene anapanga ichi akadzionetsa yekha, nkhani idzapepuka. Akabisala, idzalemera, ndipo idzayambira pa iwe. Pita."

Thisari adaperekeza a Wimalasara mpaka pachipata cha kachisi. Bandeji yawo idali yakuda ndi matope. Mtsikanayo adagwada, natsanzika. Manja ake adali opepuka, koma miyendo inkalemera akamayandikira kwawo.

Asadafike pakhomo adamva fungo la mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, chakudya cha tsiku lachisangalalo. Pabwalo padali posesa. Amayi ake adali pakhonde atasamba, tsitsi atapesa, akudula mpungawo m'magawo. Sahan ankadumphadumpha pambali pawo. A Jayasena adakhala pampando wa malemu, mbale ili pamwendo.

"Wabwera mwana wanga!" adatero amayi ake, mawu ali osasa chifukwa chokhala nthawi osalankhula. "Malume ako andiuza zonse. Bwera, khala apa. Ndakuphikira ndekha."

Thisari adaima pamasitepe. Mbale idatambasulidwa kwa iye, nthunzi ikufuka.

"Walisiya pamalo pake?" adafunsa malume ake akutafuna. "Palibe anakuona?"

"Sindinatchere, malume."

Mpeni wa amayi ake udaima pakati pa mpunga.

"Wati chiyani?"

"Sindinatchere, amayi. Ndapereka kwa a zanyama. Dzina la munthu sindinatchule, koma akubwera kuno mawa m'mawa."

Sahan adaleka kudumpha. Amayi ake adatsitsa mbale ija pang'onopang'ono n'kuiika pansi, pakati pa iwo ndi mwana wawo.

A Jayasena adapukuta zala pansalu yawo, naimirira, n'kutenga malaya pamsomali.

"Mlongo," adatero osamuyang'ana Thisari, "usiku uno mwana wakoyu akalondere yekha. Ine ndikukaona kumene ndingagone. Ndipo umufunse bwino: akandimanga ine, mpunga uja adzakukololerani ndani?"

Adakankha njinga yawo n'kutuluka pachipata. Thisari adatsala pamasitepe paja, amayi ake akumuyang'ana ngati mlendo, dzuwa likupendekera kuthengo.